Monymusk: nyimbo imodzi ya vayolini, kaimbidwe kosiyanasiyana. Koona n'kati?

Funso: Ndimakhala ku Aberdeen, ku Scotland, ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 13 akuphunzira vayolini. Aphunzitsi ake amupatsa nyimbo yotchedwa Monymusk. Iwo amaiimba modekha, modukizadukiza, ngati munthu woyenda monyadira. Koma titaifufuza pa YouTube tinapeza anthu a ku America akuiimba mothamanga, dzina lake atalemba Money Musk, ndiponso mkulu wina wa ku Canada akuiimba uku akupondaponda pansi ndi mapazi. Mwanayu wasokonezeka, ine ndiye osanena. Kodi imeneyi ndi nyimbo imodzi? Eni ake ndani? Nanga kaimbidwe koona n'kati? Ndine mayi wa ku Aberdeen.

Yankho: Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha funso lanu. Mumuuze mwanayo kuti makutu ake sanamunamize. Zimene mwamvazo ndi nyimbo imodzi, ndipo mwa oimba onsewo palibe amene akulakwitsa. Chimene chinawasiyanitsa ndi mapazi a anthu amene ankawaimbira. Monymusk ndi nyimbo ya gule, ndipo woliza vayolini pa gule maso ake amakhala pa miyendo ya ovina. Akafika kumene anthu amavina mofulumira, nayenso amafulumiza uta. Akafika kumene gule amatha msanga, amaidula nyimbo kuti ithere limodzi ndi masitepe. Mukagwira mfundo imeneyi, ulendo wonse wa nyimboyi umveka.

Tili ndi mwayi chifukwa mwini wake amadziwika, pamene nyimbo zambiri zakale za vayolini eni ake anaiwalika kalekale. Anaipeka ndi Daniel Dow, amene anabadwa mu 1732 ku Kirkmichael m'chigawo cha Perthshire, n'kudzakhala mphunzitsi wa nyimbo mumzinda wa Edinburgh. Cha m'ma 1776 anasindikiza kabuku ka nyimbo zake 37 zovinira, ndipo m'menemo nyimbo yathuyi ili ndi dzina lalitali lakuti Sir Archibald Grant of Monemusk's Reel. Dow anamwalira mu 1783, asanakalambe n'komwe, nyimbo yake isanafike kutali kumene inadzafika.

Nthawi imeneyo vayolini inali pachimake ku Scotland. Kunali Niel Gow wa ku Inver pafupi ndi Dunkeld, kunali William Marshall wa ku Fochabers, ndi ena ambiri amene ankapeka nyimbo zovinira usana ndi usiku. Woimba sankadya za m'matikiti kapena za pa wailesi ngati lero. Ankadalira eni minda akuluakulu, amene ankamuitana kukaimba pa madansi a m'nyumba zawo ndiponso kulipiriratu mabuku ake asanasindikizidwe. Pofuna kuthokoza, kapena pofuna kukopa bwana watsopano, woimba ankatcha nyimbo dzina la bwanayo, la mkazi wake, kapena la nyumba yake. N'chifukwa chake mabuku a nthawiyo adzaza ndi maina a anthu amene lero palibe akuwakumbukira kupatula m'nyimbomo.

Monymusk ndi mudzi weniweni, ndipo uli pafupi ndi kumene mukukhala: makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa Aberdeen, m'mbali mwa mtsinje wa Don, pafupi ndi phiri la Bennachie. Amene anali mwini malowo pamene Dow ankasindikiza kabuku kake anali Sir Archibald Grant, wobadwa mu 1696 n'kumwalira mu 1778. Munthuyu mbiri yake ili ndi mbali ziwiri. Mu 1732 anachotsedwa m'Nyumba ya Malamulo ku London chifukwa chokhudzidwa ndi kusokonekera kwa ndalama za kampani yobwereketsa ndalama ya Charitable Corporation. Atabwerera kumudzi anadzipereka pa ulimi: anachotsa miyala m'minda, anakumba ngalande, analimbikitsa kasinthasintha wa mbewu, ndipo anabzala mitengo yochuluka zedi pa malo amene anali mbee. Koma palinso china chimene ife anthu akuda sitiyenera kuchilumpha. Banja la Grant linali ndi munda wa nzimbe ku Jamaica, wolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo mundawo unatchedwanso Monymusk. Dzinali likadalipo ku Jamaica mpaka lero, m'dera la Clarendon, ndipo limalembedwa pa mabotolo a mowa wa ramu. Ndikunena izi chifukwa mwana wanu akamaphunzira nyimbo ya dzina limeneli ndi bwino adziwe kuti chuma cha m'nyumba zimene munkavinidwa nyimbo zoterezi china chinachokera ku thukuta la akapolo. Mumva posachedwapa kuti nyimboyo inadzafika m'manja mwa anthu akuda, iwo n'kuiimba mwaluso mpaka kutchuka nayo.

Tsopano tione mmene nyimboyi inamangidwira, chifukwa chinsinsi cha kuyenda kwake chili pamenepo. Ngati munakulira m'kwaya, yesani kuimba izi: so do mi do, so do fa la, so do mi do, re mi fa la. So ameneyu ndi wa pamwamba pa do. Chiyambi cha Monymusk ndi chimenecho. Mukuona kuti chuni chimangobwererabwerera kwa do, kenako n'kudumphira m'mwamba, n'kubwereranso kwa do. Mafupa a nyimbo ndi amenewo, ndipo ndi olimba kotero kuti mutha kuifulumiza, kuichedwetsa, kuikometsera kapena kuiwonjezera zigawo, koma munthu akangomva so do mi do amaizindikira.

Dow anailemba mu kiyi ya G, koma oimba ambiri lero, makamaka kunja kwa Scotland, amaiimba mu kiyi ya A. Aliyense amene anagwirapo vayolini angaone chimene chinawakokera kumeneko. Vayolini ili ndi nsambo zinayi, G, D, A ndi E. Mukaimba nyimboyi mu A, do amakhala nsambo ya A yosagwira chala, so amakhala nsambo ya E yosagwiranso chala. Dzanja lamanzere limapuma, ntchito yonse n'kutsalira uta, umene umangoyendayenda pakati pa nsambo ziwiri zoyandikana. Mawu ake amatuluka okwera ndi owala, omveka m'chipinda chodzaza anthu ovala nsapato zolemera. Mu G, chala chimodzi chimayenera kusamalira manoti awiri pa nsambo ziwiri, ndipo mawu ake ndi ofatsa. Munthu amene akuimbira gule usiku wonse popanda zokuzira mawu amasankha A mosakayika. Oliza bagpipe, chitoliro cha thumba chija, nawonso anaitenga nyimboyi, n'kuikwanitsa m'manoti asanu ndi anayi okha amene chida chawo chili nawo, ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa nyimbo zimene zimamveka pa mipikisano yawo.

Kaimbidwe kamene aphunzitsi a mwana wanu akumuphunzitsa kamatchedwa strathspey, potengera chigwa cha mtsinje wa Spey. Kudukizadukiza kumene mwakumvako kumabwera chifukwa manoti sakhala ofanana kutalika. Nthawi zina noti yoyamba imatalika, yachiwiri n'kufupika. Nthawi zina zimatembenuka: kanoti kakafupi kamagwera pa kugunda penipeni, noti yaitali n'kutsatira. Kutembenuka kumeneku ndi kumene oimba amati Scotch snap, ndipo ndiwo mchere wa strathspey. Reel ndi yosiyana, manoti ake amakhala ofanana ndipo amayenda ngati madzi. Koma taonani kuti Dow mwini wake anaitcha nyimboyi reel. M'masiku ake strathspey inkaonedwa ngati mtundu umodzi wa reel, ndipo malire a ziwirizi sanali okhwima ngati lero. Choncho amene anadzaisalaza n'kuithamangitsa sanaphwanye lamulo lililonse la mwini wake.

Ndiwonjezere kuti ngakhale kudekha kumene mukukumva ku Aberdeen si kwa mu 1776. Strathspey yakale inkaimbidwa mofulumirako. Kuyenda pang'onopang'ono ndi mwaulemu kumene timakuona lero pa magule a m'maholo kunakhazikika m'zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera m'bungwe losunga magule a ku Scotland limene Jean Milligan ndi Ysobel Stewart anayambitsa ku Glasgow mu 1923, lomwe lero limatchedwa Royal Scottish Country Dance Society. Bungweli linasonkhanitsa magule akale, linagwirizanitsa masitepe, ndipo Monymusk ili m'mabuku ake. Pa liwiro lawo, kuzungulira gule kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi imodzi. Kumpoto chakum'mawa kwa Scotland kulinso mwambo woliza strathspey kuti anthu angomvera, umene James Scott Skinner wa ku Banchory, wobadwa mu 1843 n'kumwalira mu 1927, anautchukitsa kwambiri. Aphunzitsi a mwana wanu ayenera kuti anamwa m'chitsime chimenecho.

Nyimboyi inatuluka m'Scotland msanga. Osindikiza mabuku a ku London ankatulutsa chaka ndi chaka timabuku ta magule atsopano 24, chuni pamwamba, malangizo a kavinidwe pansi. M'kabuku ka Preston ka chaka cha 1786 muli gule wa nyimbo imeneyi. Angerezi, posadziwa mudzi wa ku Aberdeenshire, analidula dzinalo pawiri n'kukhala Money Musk, ndipo ndi dzina limeneli linawoloka nyanja. Chofunika kwambiri n'chakuti kuyambira pamenepo nyimbo inamangiriridwa ku gule wake. Munthu akati tivine Money Musk, ankatchula zinthu ziwiri nthawi imodzi: chuni ndi masitepe. Nyimbo yokhala ndi gule wakewake sifa msanga, chifukwa ngakhale woimba ataiiwala, ovina amaifuna ndipo amamukumbutsa.

Anaisenza ndi anthu a mitundu ingapo: aphunzitsi a magule amene ankayenda m'matauni ndi timabuku tawo, asilikali a magulu a ku Scotland ndi zitoliro zawo, amalonda, ndi mabanja osauka amene ankasamuka kukafuna moyo kwina. Inu mukudziwa mmene perete wa asilikali a atsamunda anaberekera beni kwa Ayao, malipenga kwa Atonga ndi mganda ku Dowa ndi ku Ntchisi, aliyense ndi mapondedwe ake, koma onse ooneka kuti ndi a mimba imodzi. Monymusk inayenda chimodzimodzi.

Tiyambe ndi pafupi. Anthu a ku Donegal, kumpoto chakumadzulo kwa Ireland, kwa mibadwo yambiri ankakwera sitima kupita ku Scotland kukagwira ganyu wokumba mbatatesi ndi ntchito zina za nyengo, n'kubwerera kwawo ndi ndalama pang'ono ndi nyimbo zambiri. Kwawoko kunali gule wa anthu awiriawiri wotchedwa highland, wovinidwa m'makhitchini a nyumba zazing'ono. Strathspey zambiri za ku Scotland zinasandutsidwa ma highland, ndipo Monymusk ndi imodzi mwa zodziwika. Mu highland liwiro limakwera pang'ono, kudukiza kumafewa, koma sikutheratu. John Doherty, amene ankayenda m'midzi ya ku Donegal akukhoma zitini ndi kuliza vayolini mpaka anamwalira mu 1980, ankaiimba motero.

Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, pa chilumba cha Cape Breton ku Nova Scotia, m'dziko la Canada, kunafika anthu olankhula Chigaeliki ochokera kumapiri ndi kuzilumba za ku Scotland, ambiri atathamangitsidwa m'minda yawo kuti eni malo aziwetamo nkhosa. Kumeneko strathspey inakhalabe strathspey, koma ndi ya munthu wovina yekha, thupi lili njo, mapazi akugogoda pafupi ndi pansi. Wovina wotere safuna nyimbo yodekha. Amafuna kugunda kunayi kolimba, kothamanga, kenako woimba n'kulowa mu reel popanda kupuma. Mukamva oimba a ku Cape Breton akuliza Moneymusk mothandizidwa ndi piyano, mudzamva Scotch snap yakuthwa kuposa ya ku Aberdeen, pa liwiro loti munthu sangakhale pansi. Ambiri amakhulupirira kuti kaimbidwe kameneka kakufanana kwambiri ndi ka kumapiri a ku Scotland m'masiku a Dow kusiyana ndi ka m'maholo a lero.

Mkulu wa ku Canada amene munamuona akupondaponda uja ayenera kuti ndi wa ku Quebec, kwa anthu olankhula Chifalansa. Kumeneko anthu ankasonkhana m'nyumba usiku wa nyengo yozizira, woimba ali mmodzi yekha, popanda ng'oma kapena piyano. Ndiye woimbayo amakhala pa mpando n'kusandutsa mapazi ake ng'oma, chidendene ndi zala zikugogoda thabwa, manja akuliza vayolini. Kugogoda kumeneku n'kosalekeza ndipo n'kofanana, motero sikupereka mpata wa kudukiza kwa strathspey. Nyimbo inasalazidwa n'kukhala reel yeniyeni. Ndipo popeza mafupa ake ndi osavuta, oimba a ku Quebec anayamba kupikisana pouwonjezera zigawo, mpaka ena amaiimba ndi zigawo zambiri kuposa ziwiri za Dow. Joseph Allard, wobadwa mu 1873 n'kumwalira mu 1947, anaijambula pa mbale za galamafoni, ndipo wophunzira wake Jean Carignan, amene kwa zaka zambiri ankayendetsa takisi mu Montreal uku ali katswiri wa vayolini wodziwika kutali, anaifikitsa pa msinkhu woti oimba ena ankangogwira pakamwa. Allard anakhalako zaka zambiri ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa America, asanabwerere kwawo mu 1917, ngati anthu ena zikwizikwi a ku Quebec amene ankapita kukagwira ntchito m'mafakitale a nsalu kumeneko. Choncho kaimbidwe ka ku Quebec ndi ka ku New England kanakhala kakubwerekana.

Ku America nyimboyi inafika m'zaka za m'ma 1790, ndipo imapezeka m'makope olemba pamanja a oimba ndi a aphunzitsi a magule a nthawiyo. Pakati pa mapepala a nyimbo a banja la Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa dzikolo amene nayenso ankaliza vayolini, pali Money Musk. Apa m'pamene pali nkhani imene ndimafuna ana athu aziidziwa. Eston Hemings anabadwa kapolo mu 1808 pa munda wa Jefferson wa Monticello. Mayi ake anali Sally Hemings, ndipo akatswiri ambiri a mbiri yakale, potengeranso kuyeza kwa DNA kwa mu 1998, amavomereza kuti bambo ake anali Jefferson yemweyo. Atamasulidwa anasamukira ku Chillicothe m'boma la Ohio, kumene anakhala mtsogoleri wa gulu loimba pa madansi, ndipo ankaitanidwa m'matauni ambiri a derali. Anthu amene anadzalemba zomukumbukira patapita zaka anatchula Money Musk ngati imodzi mwa nyimbo zimene akangoziyamba, aliyense ankadzuka kukavina. Sanali yekha. M'zaka za ukapolo ndi pambuyo pake, oliza vayolini akuda ndiwo ankaimbira magule ambiri a azungu ndi a anthu akuda omwe, ndipo mphamvu ya kugunda imene timaimva mu vayolini ya ku America ili ndi dzanja lawo. Mwana wanu akagwira vayolini asamadzione ngati mlendo pa chida chimenechi.

Kuchokera kugombe la kum'mawa nyimbo inatsata anthu osamukira kumadzulo. Laura Ingalls Wilder, polemba za ubwana wake m'nkhalango za ku Wisconsin cha m'ma 1870, anatchula Money Musk pakati pa nyimbo zimene bambo ake ankaliza. Mabuku otsika mtengo a ku Boston anathandizanso. Buku lalikulu la Ryan la mu 1883, limene linadzasindikizidwanso mu 1940 ndi dzina lina n'kufika m'nyumba zambiri za oimba, linaika nyimboyi kawiri, ngati reel ndiponso ngati strathspey. Ndiye kuti funso lanu lakuti koona n'kati anthu analiyankha kalekale posunga zonse ziwiri. Mu 1923 nkhalamba ya ku Michigan, Jasper Bisbee, ili ndi zaka 80, inaijambula ku kampani ya Edison. Amene anamukweza anali Henry Ford wa magalimoto uja, yemwe ankadana ndi jazi n'kuthira ndalama zambiri pofuna kudzutsa magule akale, ndipo buku la magule limene anatulutsa mu 1926 lili ndi Money Musk.

Chochititsa chidwi n'chakuti nyimboyi sinafalikire mofanana m'dziko lonselo. Inazika mizu kumpoto: New England, New York, Pennsylvania, Michigan mpaka Missouri. Kumapiri a kum'mwera, kumene vayolini ndi yamphamvu kwambiri, inali yosowa. Alan Jabbour, wofufuza nyimbo zachikhalidwe, atapita kukajambula nkhalamba Henry Reed wa ku Glen Lyn ku Virginia m'zaka za 1966 ndi 1967, anaipeza Money Musk m'manja mwake, ndipo chinali chinthu chachilendo m'dera limenelo. Chifukwa chake ndi gule. Kum'mwera anthu ankavina mozungulira kapena anayianayi, magule amene amalandira chuni chilichonse chothamanga. Kumpoto anasunga magule a mizere iwiri, amene aliyense ali ndi nyimbo yakeyake. Kumene gule wa Money Musk anakhala, nyimbo inakhalanso. Kumene gule sanafike, nyimbo inangotsala ndi munthu mmodzimmodzi.

Zimene munaona pa YouTube ziyenera kuti ndi za ku New England, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa m'pamene mapazi anaonetsa mphamvu zawo zonse. Gule wake amatchedwa contra. Amuna amaima mzere umodzi, akazi mzere wina, moyang'anizana, ndipo amagawidwa m'timagulu ta mabanja atatuatatu. Banja loyamba ndilo limagwira ntchito yaikulu. Awiriwo amagwirana dzanja lamanja n'kuzungulira kamodzi ndi theka, aliyense n'kudutsa kunja kwa mzere kukaima pakati pa anthu awiri. Atatu mbali ino ndi atatu mbali inayo amagwirana manja, kupita kutsogolo n'kubwerera. Awiri aja amazunguliranso pang'ono, mizere ya atatuatatu n'kukhala yopingasa holo, kutsogolo n'kubwereranso. Amazungulira kachitatu kuti aliyense abwerere ku mzere wake, kenako amadutsana ndi banja la pamwamba pawo, kupita ndi kubwera. Akatero atsika malo amodzi, ndipo amayambiranso ndi anthu atsopano.

M'mabuku akale zonsezi zinkatenga tizigawo 32 ta muyeso, timene oimba amati ma bar, ndipo panali mpata wopuma. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ovina a m'midzi ya ku New Hampshire, limodzi mwa maboma a ku New England, ndi madera oyandikana nawo anaona kuti akuchedwa. Anapanikiza masitepe omwewo m'ma bar 24. Kupita kutsogolo ndi kubwerera kuja kunafupika n'kukhala kuponda kanayi kokha, kolimba, holo yonse nthawi imodzi, mpaka thabwa la pansi kulira ngati ng'oma. Tsono nyimbo ya Dow ili ndi zigawo ziwiri za ma bar 8, ndiye 24 sakwanira bwino. Oimba anathetsa vutoli pouwonjezera chigawo chachitatu, n'kumaliza chilichonse kamodzikamodzi. Chigawo chachitatu chimene mwana wanu akuchimva kwa Amereka, chimene sichili pa pepala la aphunzitsi ake, chinabadwa choncho. Sanachipeke Dow, anachiitanitsa ndi ovina. Kuzungulira kamodzi tsopano kumatenga masekondi osakwana 30, pamene ku Scotland n'pafupifupi mphindi yathunthu.

Amene anasunga gule ameneyu pamene magule akale ankazilala kwina konse anali anthu a m'dera la Monadnock ku New Hampshire, makamaka Ralph Page, wobadwa mu 1903 n'kumwalira mu 1985, amene ntchito yake inali kufuula masitepe kwa ovina nyimbo ili m'kati. Pambuyo pake Dudley Laufman anakopa achinyamata ambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo woliza piyano Bob McQuillen anaimbira magulewa kwa zaka zoposa 60. Komabe contra itafalikira m'dziko lonse, Money Musk inayamba kusiyidwa. Ovina atsopano ankafuna magule amene aliyense akuyenda nthawi zonse ndi kuzungulira atakumbatirana ndi mnzake, pamene mu Money Musk mabanja awiri mwa atatu amakhala akudikira nthawi yawo ndipo mulibe kukumbatirana. Ine ndimaona kuti anataya chinthu chabwino, chifukwa kudikirako n'kumene kumaphunzitsa munthu kumvera nyimbo ndi kuonerera anzake. Okonda guleyu sanagonje. Pa 14 March 2009, motsogozedwa ndi David Millstone ndi David Smukler, magulu a m'malo ambiri ku America ndi m'maiko ena anavina Money Musk tsiku limodzi, ndipo pa msonkhano wokumbukira Ralph Page umene unkachitika mu January ku Durham, New Hampshire, guleyu sankasowa.

Tsono mwana wanu atani? Malangizo anga ndi akuti ayambe ndi strathspey ya aphunzitsi ake, ndipo aigwire ndithu asanayese zina. Sindikutero chifukwa chakuti ndiyo yoona kuposa zinzake, koma chifukwa ndiyo yovuta pa uta. Amene wadziwa kudukiza amatha kusalaza tsiku lililonse, koma amene anayamba ndi kusalaza amavutika kuti adukize mwaukhondo. Aonetsetse kuti kanoti kakafupi ka Scotch snap n'kakafupidi, kogwera pa kugunda penipeni, osati kukatalikitsa mpaka nyimbo kumveka ngati yoyendera katatukatatu, limene ndi vuto la ophunzira ambiri. Afunse aphunzitsi akewo za kakokedwe ka uta kamene amati up-driven bow, kamene kamagwirizanitsidwa ndi Niel Gow: noti yoyamba uta umatsika mwamphamvu, manoti atatu otsatira onse uta ukukwera. Ku Aberdeenshire kuli aphunzitsi amene amakadziwa bwino kakokedwe kameneka, ndipo ndi mwayi kuti mukukhala kumeneko.

Akaigwira, ayese kuiimba mu kiyi inayo, G ngati anaphunzira mu A, kapena A ngati anaphunzira mu G, kuti amve yekha m'zala mwake kusiyana kumene ndafotokoza. Kenako amvere John Doherty, oimba a ku Cape Breton, Jean Carignan ndi gulu lililonse la contra, motsatana, akuwerenga kugunda ndi phazi. Ndipo chofunika koposa, mupite naye kumene anthu akuvina. Ku Aberdeen kuli magulu a Scottish country dance amene amalandira ana ndi akulu, ndipo Monymusk imavinidwa ndithu. Avine guleyo iye mwini, ngakhale kangapo kokha, kuti adziwe pamene phazi limatsika ndi pamene thupi limakwera. Akadzabwerera ku vayolini, adzadziwa noti imene iyenera kulemera ndi imene iyenera kupepuka popanda womuuza.